Derailleur ya kumbuyo ndi makaseti otambalala

Derailleur ya kumbuyo ndi chipangizo cha njinga yamagiya chimene chimasuntha tcheni kuchoka pa sipuloketi ina kupita pa ina, uku chikukoka tchenicho kuti chisakhwefuke. Masipuloketi a ku wilo la kumbuyo akasanjidwa pamodzi, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, amatchedwa kaseti. Kaseti imadziwika ndi manambala awiri, a mano a sipuloketi yaing'ono ndi a yaikulu, monga 11-28 kapena 11-34. Imene manambala ake atalikirana kwambiri, monga 11-42, 11-46 kapena 10-52, ndiyo imatchedwa kaseti yotambalala. Ubwino wake ndi woti imapereka giya yofewa kwambiri yokwerera zitunda popanda kutaya giya yolimba yothamangira pamalo athyathyathya.

Si derailleur iliyonse imene ingayendetse kaseti yotere. Pali malire atatu osiyana: kukula kwa sipuloketi imene derailleur ingafike pansi pake osaigunda, kutalika kwa tcheni chotsala chimene ingathe kukoka, ndiponso mtunda umene imasuntha nthawi iliyonse chosinthira magiya chikakoka kebulo. Malire awiri oyambawo amasokoneza anthu ambiri, moti ena amaganiza kuti derailleur ya mkono wautali imalola sipuloketi ina iliyonse. Sizili choncho. Kukwaniritsa malire amodzi sikuthandiza pa enawo, ndipo zikalakwika magiya amadumpha, tcheni chimagwa, mwinanso derailleur imathyoka n'kulowa m'masipoko munthu ali pa liwiro.

Kapangidwe kake

Mutu wa derailleur umamangidwa ndi bawuti imodzi pa kachitsulo kolendewera pafupi ndi ekiselo ya wilo la kumbuyo. Kachitsulo kameneka kamatchedwa hanger. Pansi pa mutuwo pali tizitsulo tiwiri toyenda moyang'anizana timene timapanga parallelogram, ndipo ndi gawo limeneli limene limasunthira mkati kapena kunja kebulo ikakokedwa kapena ikamasulidwa. Kumapeto kwake kuli mkono, umene pa Chingerezi amautcha cage, wokhala ndi timawilo tiwiri ta mano. Kawilo ka pamwamba kamalondolera tcheni ku sipuloketi yofunikayo. Kawilo ka pansi kamakoka tcheni chotsala mothandizidwa ndi sipuling'i. Palinso tibawuti titatu totchunira: ka H ndi ka L timaika malire a kunja ndi a mkati, pamene ka B kamayandikitsa kapena kutalikitsa kawilo ka pamwamba ku mano a kaseti.

Mawu akuti derailleur ndi a Chifalansa, ndipo anachokera ku mawu onena za sitima yapamtunda ikachoka pa njanji. Mpikisano wa Tour de France unalola okwera onse kugwiritsa ntchito chipangizochi mu 1937. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, kampani ya Campagnolo ya ku Italy inatchukitsa derailleur ya parallelogram yotchedwa Gran Sport. Mu 1964 Nobuo Ozaki wa kampani ya SunTour ya ku Japan anapendeketsa parallelogram kuti kawilo ka pamwamba kazitsika pamene kakulowera mkati, motsatira mmene masipuloketi akukulira. Ufulu wa SunTour pa luso limeneli unatha mu 1984, ndipo makampani ena onse analitengera. M'chaka chomwecho Shimano inatulutsa chosinthira magiya cholira "khethe" pa giya iliyonse, pa zipangizo zake za Dura-Ace. Kuyambira nthawi imeneyo funso loti chipangizo chiti chimagwirizana ndi chiti linakula, chifukwa chosinthira, derailleur ndi kaseti zinayamba kupangidwa ngati banja limodzi.

Kwa zaka zambiri njinga za m'mapiri zinali ndi ma chainring atatu kutsogolo, ndipo sipuloketi yaikulu ya kumbuyo sinkapitirira mano 34 kapena 36. Zinthu zinasintha mu 2012 pamene SRAM ya ku Chicago inatulutsa XX1, yokhala ndi chainring imodzi yokha kutsogolo ndi kaseti ya masipuloketi 11 ya 10-42. Mu 2016 kunabwera Eagle ya masipuloketi 12 ya 10-50, imene mu 2020 inakulitsidwa kufika pa 10-52. Shimano inayankha mu 2018 ndi XTR ya 10-51. Kutambalala kwa kaseti kumawerengedwa pogawa mano a sipuloketi yaikulu ndi a yaing'ono: 11-34 imapereka pafupifupi 309 peresenti, 10-42 imapereka 420, ndipo 10-52 imapereka 520.

Malire oyamba: sipuloketi yaikulu

Linki iliyonse ya tcheni cha njinga ndi yotalika mamilimita 12.7. Chifukwa cha zimenezi dzino lililonse lowonjezera pa sipuloketi limatalikitsa m'mphepete mwake ndi pafupifupi mamilimita 2 kuchokera pakati pa ekiselo. Sipuloketi ya mano 11 imafika pa mamilimita 22 kapena 23 kuchokera pakati, ya mano 34 pa 69, ya mano 42 pa 85, ndipo ya mano 51 pa 103. Kawilo ka pamwamba kamayenera kukhala pansi pang'ono pa sipuloketi iliyonse mwa imeneyi. Pa kaseti ya 11-34 kamayenera kutsika masentimita osakwana 5 pa ulendo wake wonse. Pa kaseti ya 11-51 kamayenera kutsika masentimita 8, pomwe m'lifupi mwa kaseti simunasinthe kwenikweni.

Chimene chimaika malire amenewa si kutalika kwa mkono ayi, koma kupendekeka kwa parallelogram, kutalika kwa mutu wa derailleur, ndi malo amene kawilo ka pamwamba kaikidwa. Wopanga aliyense amalemba nambala ya mano a sipuloketi yaikulu imene derailleur yake imalola. Shimano Tourney RD-TY300 ndi Altus RD-M310, zimene zimapezeka pa njinga zambiri zotsika mtengo, zili ndi mikono yaitali koma zimalekezera pa mano 34. Deore RD-M5100 imafika pa mano 51. Pa njinga za mipikisano ya pamsewu, 105 RD-R7000 ya mkono waufupi imalekezera pa mano 30 ndipo ya mkono wapakati pa 34. Zoona, pa ziwiri zomalizirazi ya mkono wotalikirapo ndi imene ikulola sipuloketi yokulirapo, ndipo n'kutheka kuti apa ndi pamene panachokera maganizo oti mkono ndiwo nkhani yonse. Koma Tourney ndi Deore zikusonyeza kuti mikono iwiri yaitali ingathe kusiyana ndi mano 17.

SRAM inatsata njira ina pa derailleur zake za chainring imodzi. Parallelogram yake, yotchedwa X-Horizon, imangoyenda mopingasa osatsika. M'malo mwake kawilo ka pamwamba kanaikidwa patali ndi pamene mkono umazungulira, kotero kuti tcheni chikakwera pa sipuloketi yaikulu n'kukokera mkono kutsogolo, kawiloko kamatsika kokha. Njirayi imagwira bwino, koma ili ndi zotsatira ziwiri. Choyamba, kutalika kwa tcheni kumakhudza mwachindunji pamene kawilo kakhale, choncho tcheni chodulidwa molakwika chimasokoneza kasinthidwe ka magiya onse. Chachiwiri, derailleur yotere siigwirizana ndi ma chainring awiri, chifukwa kusintha giya kutsogolo kumazunguliza mkono ndi kusuntha kawiloko pamene kaseti sinasinthe. Derailleur za Shimano nazo zina zimalembedwa manambala awiri. Deore RD-M5120 imalola mano 46 ngati kutsogolo kuli chainring imodzi, koma 42 okha ngati kuli ziwiri.

Okonza njinga ambiri amavomereza kuti manambala a opanga ali ndi kampata. Derailleur yolembedwa 34 nthawi zina imayendetsa 36 kabawuti ka B kakamangidwa kwambiri, makamaka pa fulemu imene hanger yake ndi yotalikirapo. Kampata kameneka ndi ka mano awiri kapena kupitirira pang'ono, osati 8 kapena 10, ndipo kamasiyana fulemu ndi fulemu. Kulinso mtengo wake. Kabawuti ka B kakakankhira derailleur kumbuyo kuti ilambalale sipuloketi yaikulu, kawilo ka pamwamba kamatalikirana kwambiri ndi masipuloketi aang'ono. Tcheni chimakhala ndi mpata waukulu wopindika m'malo mokwera pa sipuloketi yotsatira, ndiye magiya olimba amachedwa kulowa. Tcheni chimakulunganso mano ochepa pa sipuloketi ya 11, zimene zimafulumizitsa kutha kwake ndipo zingachititse kuti chidumphe wokwera akaponda pedulo mwamphamvu.

Zomwezi zimachitikanso mbali inayo, ngakhale sizitchulidwa kawirikawiri. Derailleur yopangidwira mano 51 ikaikidwa pa kaseti ya 11-32, kawilo kake kamatsika msanga kuposa mmene masipuloketi akukulira, ndipo magiya ofewa amalowa mozengereza. N'chifukwa chake opanga amalembanso nambala yotsikitsitsa ya sipuloketi yaikulu.

Malire achiwiri: tcheni chotsala

Tcheni chimadulidwa motalika kuti chikwanire pamene chili pa chainring yaikulu ndi sipuloketi yaikulu nthawi imodzi. Pa giya ina iliyonse chimatsalako, ndipo chimatsala kwambiri chikakhala pa chainring yaing'ono ndi sipuloketi yaing'ono. Mkono wa derailleur ndi umene umapinda chotsalacho. Mphamvu imeneyi imatchedwa capacity, ndipo imayezedwa ndi mano. Kawerengedwe kake n'kosavuta: kusiyana kwa mano a chainring yaikulu ndi yaing'ono, kuphatikiza kusiyana kwa mano a sipuloketi yaikulu ndi yaing'ono.

Njinga ya pamsewu yokhala ndi ma chainring a 50 ndi 34 komanso kaseti ya 11-34 imafuna 16 kuphatikiza 23, zimene ndi 39. Nambala imeneyi ndi ndendende capacity ya 105 RD-R7000 ya mkono wapakati, pamene ya mkono waufupi ili ndi 35. Popeza tcheni chimakulunga pafupifupi theka la sipuloketi kapena chainring iliyonse, mano 39 amatanthauza malinki 19 kapena 20, kapena kuti tcheni cha masentimita pafupifupi 25 chimene mkono uyenera kupinda. Njinga ya ma chainring atatu a 42, 34 ndi 24 yokhala ndi masipuloketi a 14-34 imafuna 18 kuphatikiza 20, zimene ndi 38, ndipo Tourney ya capacity ya 43 imakwanitsa bwinobwino. Njinga ya chainring imodzi ilibe kusiyana kutsogolo, choncho kaseti ya 10-51 imangofuna 41. Apa pakuoneka chinthu chodabwitsa pang'ono: Tourney yotsika mtengo ili ndi capacity yokwanira kaseti ya 10-51, koma singathe kufika pansi pa sipuloketi yake yaikulu. Malire awiriwa sadalirana.

Shimano imasiyanitsa mikono yake ndi zilembo SS pa waufupi, GS pa wapakati ndi SGS pa wautali. Zilembozi zimangothandiza poyerekeza derailleur za m'banja limodzi. Chodalirika ndi nambala ya capacity.

Vuto lenileni limabuka munthu akaika kaseti yotambalala pa njinga ya ma chainring awiri kapena atatu. Ma chainring a 50 ndi 34 ndi kaseti ya 11-42 amafuna 47, nambala imene derailleur zochepa kwambiri zimafika. Capacity ikaperewera pamakhala njira ziwiri zodulira tcheni, ndipo imodzi yokha ndi yopanda ngozi. Tcheni chikasiyidwa chachitali kuti chikwanire pa zazikulu ziwiri, chimalendewera ndi kukhuza mkono chikafika pa zazing'ono ziwiri. Zimenezi zimasokosa ndipo tcheni chingagwe, koma wokwera angathe kungopewa magiya amenewo, amenenso safunika kwenikweni. Tcheni chikafupikitsidwa kuti chisalendewere, tsiku limene wokwera adzaiwale n'kulowetsa sipuloketi yaikulu ali pa chainring yaikulu, mkono udzakokedwa kupitirira malire ake. Hanger imapindika kapena kuthyoka, derailleur imalowa m'masipoko, wilo limaima mwadzidzidzi. Kuiwala kotere kumachitika makamaka pa chitunda, munthu atatopa.

Pa chifukwa chomwechi kaseti yokulirapo imafuna tcheni chatsopano. Kuchoka pa mano 34 kupita pa 42 kumafuna malinki pafupifupi 4 owonjezera. Njira yakale yoyezera ndi kukulunga tcheni pa chainring yaikulu ndi sipuloketi yaikulu osachidutsitsa mu derailleur, kenako kuwonjezera malinki awiri pamene mapeto ake akumana. Pa zipangizo za chainring imodzi, ndiponso pa njinga zokhala ndi shoko ya kumbuyo imene imatalikitsa mpata wa pakati pa mapedulo ndi wilo ikafinyika, opanga amalamula malinki ochulukirapo, ndipo malangizo awo ndi amene ayenera kutsatidwa.

Kuyambira m'zaka za 2011 ndi 2012 derailleur zambiri za m'mapiri zili ndi clutch, kachipangizo kamene kamalimbitsa mkono kuti usamagwedezeke pa mabampu. Clutch imathandiza kuti tcheni chisagwe, makamaka pamodzi ndi chainring ya mano osinthana, lina lonenepa lina lopyapyala. Koma siwonjezera capacity ndipo sikweza nambala ya sipuloketi yaikulu.

Malire achitatu: kakokedwe ka kebulo

Munthu akapeza derailleur yolola mano 46 kapena 51, yokhalanso ndi capacity yokwanira, pamatsala funso loti kodi imvana ndi chosinthira magiya chimene chili pa handulo. Chosinthira chimakoka kebulo mlingo wokhazikika pa giya iliyonse. Derailleur imachulukitsa mlingowo ndi nambala yakeyake, ndipo zotsatira zake ziyenera kufanana ndi mpata wa pakati pa masipuloketi. Mpatawu umachepa masipuloketi akamachuluka: pa makaseti a Shimano ndi mamilimita 5.0 pa masipuloketi 7, 4.8 pa 8, pafupifupi 4.35 pa 9 ndi 3.95 pa 10.

Kwa nthawi yaitali Shimano inkagwiritsa ntchito nambala imodzi, pafupifupi 1.7, pa derailleur zake zambiri: za m'mapiri kuyambira za masipuloketi 6 mpaka 9, ndi za pamsewu mpaka za masipuloketi 10. Derailleur payokha siiwerenga magiya, choncho imodzi yomweyo inkagwira ndi chosinthira cha 7, cha 8 kapena cha 9. Zimenezi zinathandiza okwera maulendo ataliatali, amene ankaika derailleur ya m'mapiri ya masipuloketi 9 pa chosinthira cha pamsewu cha 10 n'kupeza sipuloketi ya mano 34 kapena 36. Umodzi umenewu unatha pamene Shimano inatulutsa zipangizo za m'mapiri za masipuloketi 10 zotchedwa Dyna-Sys, zimene nambala yake ndi pafupifupi 1.2. Za pamsewu za masipuloketi 11 zinapita pa 1.4, ndipo za m'mapiri za 11 pa 1.1. Tiagra 4700 ndi msampha wodziwika: ili ndi masipuloketi 10, koma imakoka ngati za pamsewu za 11, choncho simvana ndi zinzake zakale za 10. SRAM nayo ili ndi mabanja ake, monga 1:1, Exact Actuation ndi X-Actuation, ndipo Campagnolo ili ndi akeake.

Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala. Chosinthira cha pamsewu cha Shimano cha masipuloketi 10 cha mtundu wakale chimakoka kebulo pafupifupi mamilimita 2.3. Ndi derailleur ya 1.7, tcheni chimasuntha pafupifupi mamilimita 3.9, ndipo zimayenda. Ndi derailleur ya Dyna-Sys chimangosuntha pafupifupi 2.8. Pa giya iliyonse chimaperewera ndi milimita imodzi ndi pang'ono, moti pofika pa giya yachitatu chimakhala chatsalira ndi pafupifupi sipuloketi yathunthu. Palibe kutchuna kebulo kumene kungakonze zimenezi. Giya imodzi ikakhala bwino, ina imalira.

Chokhumudwitsa kwa mwini njinga yakale n'chakuti derailleur zambiri za Shimano ndi SRAM zofika pa mano 42 kapena kupitirira zili m'mabanja atsopano. Kufuna sipuloketi yaikulu kumakoka derailleur yatsopano, derailleur imakoka chosinthira chatsopano, ndipo chosinthira chimakoka kaseti ndi tcheni za nambala yake. Makampani ena anaona mpata pamenepa. microSHIFT ya ku Taiwan imapanga Advent ya masipuloketi 9 ndi Advent X ya 10 yofika pa 11-48, koma chosinthira ndi derailleur zake zimayenera kugulidwa pamodzi. Mu 2023 Shimano inatulutsa CUES, imene imagwiritsa ntchito kakokedwe kamodzi, mpata umodzi ndi tcheni chimodzi pa masipuloketi 9, 10 ndi 11, ndi makaseti ofika pa 11-46, 11-48 ndi 11-50. Makaseti ake a Linkglide samvana ndi zosinthira zakale za Hyperglide, ngakhale nambala ya masipuloketi ifanane.

Pali njira zitatu zozembera malire amenewa. Yoyamba ndi kawilo kosintha kakokedwe ka kebulo, monga Jtek ShiftMate kapena Wolf Tooth Tanpan, kamene kamaikidwa pa kebulo. Yachiwiri ndi zipangizo zamagetsi, monga SRAM AXS, zimene zilibe kebulo n'komwe ndipo zimalola chosinthira cha pamsewu kulamula derailleur ya Eagle. Yachitatu ndi yakale komanso yotsika mtengo kuposa zonse: chosinthira chosalira, chimene wokwera amangochisuntha mpaka tcheni chitakhala bwino. Chosinthira chotere sichisamala za nambala ya derailleur, bola chizikoka kebulo yokwanira ulendo wonse wa kaseti.

Habu

Kaseti iyeneranso kukwana pa wilo. Njinga zambiri zotsika mtengo za masipuloketi 6 kapena 7 zilibe kaseti yeniyeni koma filiwilo yomanga ngati bawuti, imene kawirikawiri imayambira pa mano 14. Yotambalala yodziwika bwino ya mtundu umenewu ndi Shimano MegaRange ya 14-34. Kuti njinga yotere ilandire kaseti ya 11-42 pamafunika habu ina, zimene nthawi zambiri zimatanthauza wilo lina.

Pa mahabu a kaseti, thupi la HG la Shimano ndi lofala kwambiri, ndipo sipuloketi yaing'ono imene limalola ndi ya mano 11. Makaseti a m'mapiri a masipuloketi 11, monga 11-42, 11-46 ndi 11-51, amakwana pa thupi lomwelo la masipuloketi 8, 9 ndi 10, chifukwa sipuloketi yaikulu imapindikira mkati pamwamba pa masipoko. SRAM NX Eagle ya 11-50 nayo imakwana pa HG ngakhale ili ndi masipuloketi 12. Sipuloketi ya mano 10 ndi yaing'ono kwambiri moti singalowe pa thupi la HG, choncho imafuna thupi la XD la SRAM kapena la Micro Spline la Shimano.

Zotalikitsa hanger

Kachipangizo kotalikitsa hanger kamamangidwa pakati pa hanger ndi derailleur kuti derailleur itsike. Todziwika kwambiri ndi RoadLink ndi GoatLink ta kampani ya Wolf Tooth ya ku Minnesota, ndipo palinso tina tambiri topanda dzina togulitsidwa motsika mtengo pa intaneti. Timathetsa malire oyamba okha. Derailleur ya pamsewu yolembedwa mano 34 ingathe kufika pa 40, koma capacity yake imakhalabe yomweyo, ndipo kakokedwe ka kebulo sikasintha. Popeza derailleur yonse yatsika, kawilo ka pamwamba kamatalikirana ndi masipuloketi aang'ono monga zimachitikira ndi kabawuti ka B. Kachipangizoka kamawonjezeranso mphamvu yopinda hanger njinga ikagwa. Pa njinga ya chainring imodzi kamagwira bwino ndithu. Pa ya ma chainring awiri ndi pamene anthu ambiri amagwa m'vuto la tcheni chachifupi lija, poganiza kuti popeza kawilo kasiya kugunda sipuloketi ndiye kuti zonse zatheka.

Kutchuna

Zipangizo zogwirizana bwino zingathebe kulephera ngati hanger yapindika. Mkono wautali umakulitsa kupindika kochepa kwa pamwamba, ndipo mpata wa masipuloketi 11 kapena 12 ndi wa mamilimita pafupifupi 4 kapena kucheperapo. Hanger imawongoledwa ndi chida chapadera choyeza mtunda wake ndi rimu pa mbali zingapo, osati ndi maso. Mu 2019 SRAM inayambitsa hanger ya mtundu umodzi yotchedwa UDH, ndipo mu 2023 inatulutsa Transmission, derailleur yomangidwa pa ekiselo penipeni popanda hanger, imene imangokwana pa mafulemu a UDH.

Kabawuti ka L ndi kofunika kwambiri pa kaseti yotambalala, chifukwa sipuloketi yaikulu imayandikana ndi masipoko. Kamatchunidwa kuti kawilo ka pamwamba kaime pansi penipeni pa sipuloketiyo, ndipo derailleur ikakankhidwa ndi dzanja isapitirire. Mpata wa kabawuti ka B umasiyana malinga ndi mtundu. Pa derailleur zakale za Shimano ndi mamilimita 5 kapena 6 pakati pa kawilo ndi mano a sipuloketi yaikulu. Pa za m'mapiri za masipuloketi 12 Shimano inajambula mzere kuseri kwa mkono, umene uyenera kulingana ndi nsonga za manowo. SRAM imapereka kapulasitiki koyezera pa Eagle. Pa njinga ya shoko ya kumbuyo muyezo umenewu umatengedwa shoko itafinyika ndi kulemera kwa wokwera.

Phindu ndi njira ina

Pa njinga ya chainring ya mano 32 ndi wilo la mainchesi 29, kuzunguliza mapedulo kamodzi pa sipuloketi ya 34 kumayendetsa njinga pafupifupi mamita 2.2, pamene pa ya 51 ndi mamita 1.4. Kwa munthu wokwera chitunda chachitali atanyamula katundu, kusiyana kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa kupalasa ndi kutsika n'kuyamba kukankha. Koma masipuloketi ochepa akatambasulidwa kwambiri, mipata ya pakati pa magiya imakula. Kaseti ya Shimano ya 11-46 ya masipuloketi 11 imadumpha kuchoka pa mano 37 kufika pa 46, ndipo MegaRange ya 14-34 imadumpha kuchoka pa 24 kufika pa 34. Miyendo imamva kudumpha kotere, ndipo kumavutitsanso derailleur.

Giya yofewa ingapezekenso kutsogolo. Chainring ya mano 22 ndi sipuloketi ya 34 zimapereka 0.65, pamene chainring ya 32 ndi sipuloketi ya 51 zimapereka 0.63, zimene n'zofanana ndithu. Njinga yakale ya ma chainring atatu kawirikawiri imakhala kale ndi giya imene kaseti yotambalala imalonjeza, kapena ingaipeze posintha chainring yaing'ono yokha. Kuchepetsa chainring yaing'ono kumawonjezera mano ofunika pa capacity ndipo kuyenera kugwirizana ndi derailleur ya kutsogolo, koma sikukhudza malire a sipuloketi yaikulu, kakokedwe ka kebulo ya kumbuyo kapena habu.